Masamu a Wosambira

Bwana Mkubwa ali kum'mwera cakum'mawa kwa Ndola, ndipo mtunda wa pakati pa malo awiriwa ndi makilomita ngati 10. Dzinali ndi la Ciswahili, tanthauzo lace ndilo bwana wamkulu. Mgodi wa mkuwa wa pamenepa ndi umodzi wa migodi yakale kwambiri ya ku Copperbelt, pakuti William Collier ndi Jack Donohoe anakhomapo zikhomo zao m'caka ca 1902, ndipo njanji inafikapo m'caka ca 1909.

Tiyerekeze kuti mai wina wanyamuka ku Bwana Mkubwa mbandakuca, dengu la ndiwo zamasamba liri pamutu, ulendo wa ku msika ku Ndola. Afika patapita maora 2, ndiko kuti mphindi 120. Tikagawa mphindi 120 ndi makilomita 10, tipeza kuti kilomita imodzi yamtengera mphindi 12. Komatu maiyo sanayende mofanana njira yonse ai. Poyamba, kukali kozizira, anayenda msanga. Pa citunda anayenda pang'onopang'ono. Pena anaima kuti akonze nkhata yace. Mphindi 12 zija ndiyo nthawi imene kilomita iri yonse ikadalandira cikhala kuti tinagawira makilomita onse nthawi yofanana, monga momwe mai agawira ana ace mango kuti wina asadandaule. Nambala yotere a masamu amaicha avereji.

Lero titenga masamu omwewa ndi kulowa nao m'madzi. Ana ambiri amanena kuti, “Ine ndimadziwa kusambira,” koma mukawafunsa mtunda umene angathe kusambira osapumula, akhala cete, kapena angochula nambala ya m'mutu. Kusadziwa kumeneku nkoopsa, cifukwa munthu wotopa pa mseu akhala pansi pa mtengo, koma wotopa pakati pa madzi akuya alibe pokhala. Wochi, pensulo ndi kabuku kakang'ono zikhoza kumuuza wosambira zoona zeni zeni za mphamvu zace.

Muyeso wa mamita 100

Woyenda pansi timamuyesa ndi kilomita, koma wosambira timamuyesa ndi mamita 100, popeza m'madzi munthu sapita msanga. Funso lathu ndi ili: kodi wosambirayu amatha nthawi yanji pa mamita 100 ali onse?

Maiwe osambiramo amene amamangidwira mipikisano ali a mitundu iwiri. Lalifupi ndi la mamita 25, ndipo lalitali, longa la Masewera a Olympic, ndi la mamita 50. Kusambira kucokera ku khoma lina kufika ku khoma linzace tikucha ulendo umodzi. Motero m'dziwe lalifupi maulendo 4 akwanitsa mamita 100, koma m'dziwe lalitali akwanira maulendo 2 okha. Ngati dziwe la kwanu siliri la muyeso umenewu, pemphani mwini wace kapena mphunzitsi wanu kuti aliyese ndi cingwe coyesera, cifukwa masamu oyamba ndi utali wongoganizira amathera m'bodza.

Nchitoyi ifuna anthu awiri. Wina asambira, mnzace aima pa mtunda ndi wochi, nalemba kamzere m'kabuku nthawi iri yonse imene wosambira akhudza khoma. Wosambira asadziwerengere yekha, pakuti munthu akayamba kupuma wefuwefu nambala zimamsokonekera, ndipo kawirikawiri amalakwira ku mbali yomkomera.

Masitepe atatu

Coyamba, pezani mtunda wonse. Culukitsani maulendo ndi utali wa dziwe.

Caciwiri, sandutsani nthawi yonse kuti ikhale masekondi okha okha.

Cacitatu, onani kuti mamita 100 alowa kangati mu mtunda uja, ndipo gawani masekondi ndi nambala imeneyo.

Tiyeni tiyese. Mtsikana wina wasambira maulendo 16 m'dziwe la mamita 25 osaima, ndipo wochi yasonyeza mphindi 10 ndi masekondi 40.

Mtunda: 16 × 25 = mamita 400.
Nthawi: 10 × 60 = 600; 600 + 40 = masekondi 640.
Mamita 100 alowa kanai mu mamita 400, conco 640 ÷ 4 = masekondi 160.

Masekondi 160 ndiwo mphindi 2 ndi masekondi 40. Imeneyi ndiyo avereji ya mtsikanayu pa mamita 100.

Pali dzenje limodzi limene ana ambiri amagweramo. Tinazolowera kuti ngwee 100 zipanga kwacha imodzi, ndi kuti masentimita 100 apanga mita imodzi, ndiye dzanja limafuna kulemba mphindi 10 ndi masekondi 40 ngati 1,040. Kumeneko nkulakwa. Mphindi imodzi iri ndi masekondi 60, si 100 ai. Cifukwa cace sandutsani zonse zikhale masekondi musanagawe, ndipo mukatha kugawa bwezerani yankho lanu ku mphindi mwa kucotsa 60, kenaka 60 winanso, kufikira atatsala masekondi osakwana mphindi.

Nanga mtunda ukapanda kukwana mazana athunthu? Palibe cobvuta. Tinene kuti mnyamata wasambira maulendo 10 m'dziwe lomwe lija, ndiwo mamita 250, ndipo watha mphindi 7 ndi masekondi 30, ndiwo masekondi 450. Yambani mwapeza nthawi ya ulendo umodzi: 450 ÷ 10 = masekondi 45. Popeza maulendo 4 apanga mamita 100, culukitsani: 45 × 4 = masekondi 180, ndizo mphindi 3.

Kumbukirani ici: pa muyeso umenewu, nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Wa mphindi 2 ndi masekondi 40 ali ndi liwiro loposa wa mphindi 3, cifukwa watha mtunda womwewo m'nthawi yocepa.

Cimene avereji imabisa

Avereji ndi mboni yabwino, koma sinena zonse. Tamvani za anyamata awiri a mimba imodzi amene anayesedwa pa mamita 400. Wogwira wochi anali wocenjera, ndipo analemba nthawi ya mamita 100 ali onse pa yokha.

Wamkulu: 2:00, 2:30, 3:00, 3:30.
Mng'ono wace: 2:40, 2:45, 2:45, 2:50.

(Nambala ya kumanzere kwa timadontho ndi mphindi, ya kumanja ndi masekondi.)

Phatikizani nthawi za wamkulu, mupeza mphindi 11. Phatikizani za mng'ono wace, mupezanso mphindi 11. Onse awiri avereji yao ndi 660 ÷ 4 = masekondi 165, ndiyo 2:45. Kodi tsono mphamvu zao nzofanana?

Taonaninso bwino. Wamkulu anayamba ngati mubvi, anzace pa mtunda akumcemerera. Koma zana liri lonse linamtengera masekondi 30 oonjezera, ndipo zana lomariza linacedwa masekondi 90 poyerekeza ndi loyamba. Pofika ku khoma mikono inali italema, miyendo ikumira, mutu ukungotukuka kufuna mpweya. Mng'ono wace anayamba mofatsa, ena namseka, koma zana lace lomariza linangosiyana ndi loyamba masekondi 10. Mukadawauza kuti apitirire mamita ena 200, ndani akadafika? Akulu anati kuthamanga si kufika.

Apa mpamene pagona mutu wa phunziro lathu. Kupirira kwa wosambira sikuoneka pa ulendo umodzi wa liwiro, koma pa zinthu ziwiri: avereji yace pa mtunda wautali, ndi kusiyana kwa zana loyamba ndi lomariza. Kusiyanako kukacepa, ndiye kuti munthuyo adziwa kusunga mphamvu zace monga mlimi wanzeru asunga cimanga m'nkhokwe kuti cimfikitse ku masika.

Kabuku ka wosambira

Kuyesa kamodzi kumatiuza pamene tiri, koma sikutiuza kumene tikupita. Wosambira asunge kabuku, ndipo kamodzi pa mwezi alembemo tsiku, mtunda, nthawi yonse ndi avereji. Naci citsanzo ca kabuku ka mtsikana amene wangoyamba kumene:

Mwezi woyamba: mamita 200, nthawi 6:40, avereji 3:20.
Mwezi waciwiri: mamita 200, nthawi 6:00, avereji 3:00.
Mwezi wacitatu: mamita 400, nthawi 12:00, avereji 3:00.
Mwezi wacinai: mamita 400, nthawi 11:20, avereji 2:50.

Mwezi waciwiri kupita patsogolo kwace kuli poyera, pakuti masekondi 20 acoka pa zana liri lonse. Mwezi wacitatu mwina iye anakhumudwa poona kuti avereji sinasunthe. Koma yang'anani mtunda: liwiro limene kale analisunga pa mamita 200 tsopano walisunga pa mamita 400. Kumeneko nkupambana kwakukulu, ngakhale nambala ya kumapeto iri yomwe ija. Conco njira zopitira patsogolo ziripo ziwiri: kutha mtunda womwewo m'nthawi yocepa, kapena kutha mtunda wautali pa liwiro lomwelo. Tsokonombwe anatha mtunda nkudumpha.

Kuti kabuku kasaname, yerekezani zinthu zofanana zokha zokha. Kusambira cafufumimba moponya mikono kuli ndi liwiro loposa kusambira ngati cule, motero lembani kasambiridwe kamene mwagwiritsa nchito. Dziwe lalifupi limathandiza wosambira, cifukwa amadzikankha pa khoma kawirikawiri, ndipo kudzikankhako kumampatsa liwiro laulere; nthawi ya m'dziwe la mamita 25 musaiike pa mzere umodzi ndi ya m'dziwe la mamita 50. Ngati mwaima kuti mupumule, wochi isaime, kapena lembani poyera kuti munapumula. Ndipo ngati tsiku lina nambala yaipa cifukwa munadwala malungo kapena simunagone bwino, ilembeni momwemo. Wonamiza kabuku kace adzinamiza yekha.

Cimene cimacitika m'thupi

Kodi ncifukwa ninji nambala zimatsika munthu akamasambira masabata ambiri? Minofu ikamagwira nchito imafuna mpweya wabwino umene mapapo amakoka. Mwazi ndiwo umanyamula mpweyawo, ndipo mtima ndiwo umapopa mwaziwo. Mtima nawo ndi mnofu, ndipo ukamagwiritsidwa nchito umalimba, nuyamba kutumiza mwazi wambiri pa kugunda kumodzi. M'minofu ya mikono ndi miyendo mumaculukanso timitsempha tating'onoting'ono tofikitsa mwazi. Pamwamba pa izi, wosambira amaphunzira kugona cogona pa madzi m'malo moimirira, ndi kutulutsira mpweya m'madzi m'malo moubanikiza m'cifuwa, kotero kuti mphamvu zace sizitayika cabe.

Mukhoza kuona zimenezi ndi zala zanu. Mukangotha kusambira, ikani zala ziwiri pa mtsempha wa pa dzanja, m'munsi mwa cala cacikulu. Werengani kugunda kwace pa masekondi 15, ndipo culukitsani ndi 4 kuti mupeze kugunda kwa pa mphindi imodzi. Lembani nambalayi pambali pa avereji. Ngati patapita miyezi musambira pa liwiro lomwe lija koma mtima ukugunda mocepa, dziwani kuti thupi lanu lalimba.

Osambira a m'maiko ena

Masamu amene mwaphunzirawa ndi omwenso amagwiritsa nchito akatswiri a dziko lonse lapansi. Mipikisano ina ndi ya liwiro lokha, monga ya mamita 50 imene Tilka Paljk anasambira moimira Zambia pa Masewera a Olympic a ku Tokyo m'caka ca 2021. Koma mpikisano wa mamita 1,500 ndi wa kupirira: maulendo 30 m'dziwe lalitali. Ku Paris m'caka ca 2024, Bobby Finke wa ku America anautha m'mphindi 14 ndi masekondi 31 osakwana bwino, nthawi imene panalibe munthu anaifikapo kale. Sandutsani nokha: 14 × 60 = 840; 840 + 31 = 871; ndipo 871 ÷ 15 ipatsa masekondi ngati 58. Munthuyu anasambira mazana 15 otsatizana, ndipo avereji yace pa zana liri lonse sinakwane mphindi imodzi.

Nambala yotere isakufooketseni, pakuti kabuku kanu sikapikisana ndi Finke. Kapikisana ndi inu mwini wa mwezi watha. Mverani za Eric Moussambani wa ku Equatorial Guinea. Pa Masewera a ku Sydney m'caka ca 2000 iye analowa mpikisano wa mamita 100 atangophunzira kusambira miyezi yowerengeka, ndipo anali asanasambirepo m'dziwe la mamita 50. Anzace awiri a m'gulu lace anacotsedwa cifukwa cogwera m'madzi nthawi isanakwane, motero anasambira yekha yekha pamaso pa khamu la anthu. Pobwerera pa ulendo waciwiri mphamvu zinamthera, ndipo anafika ku khoma mobvutika, atatha mphindi imodzi ndi masekondi opitirira 52. Koma sanaleke. Patapita zaka zowerengeka anali kutha mamita 100 omwewo m'masekondi osakwana 60.

Pa nyanja masamuwa amabvuta pang'ono, cifukwa madzi amayenda. Matthew Webb ndiye anayamba kuoloka cosambira nyanja ya pakati pa England ndi France, m'caka ca 1875, ndipo anatha maora 21 ndi mphindi 45. Njira yolunjika ndi makilomita ngati 34, koma madzi anali kumkokera uku ndi uku, kotero kuti mtunda umene anasambira unaposa pamenepo kutali. Kufupi ndi kwathu kuno, m'caka ca 2019, Martin Hobbs wa ku South Africa anasambira utali wonse wa Nyanja ya Malawi, makilomita ngati 580, m'masiku 54. Gawani, ndipo mupeza makilomita pafupifupi 11 pa tsiku. Kumeneko kuli ngati kusambira kucokera ku Bwana Mkubwa kufika ku Ndola tsiku ndi tsiku kwa masabata pafupifupi 8.

Cenjezo

Tsopano, ana inu, cherani khutu, cifukwa mau awa ndi a moyo. Nambala za m'kabuku kanu nza m'dziwe lomangidwa, momwe madzi ali oyera ndi odekha, khoma liri pafupi, ndipo munthu wamkulu akuyang'anirani. Musazitengere kwina. M'dziko la migodi muli maenje ambiri okumbidwa ndi anthu amene amadzaza madzi m'nyengo ya dzinja. Maenje otere amaoneka okoma dzuwa likatentha mwezi wa October, koma m'mbali mwace ndi motsetsereka ndi moterera, pansi pace madzi ndi ozizira, ndipo munthu wotopa sapeza pogwira. Nyanja yaing'ono ya Chilengwa, kum'mawa kwa Ndola, inapangika pamene nthaka inatitimira, ndipo magombe ace ndi ozyolika. Mu mtsinje wa Kafue, umene umadutsa pafupi ndi Kitwe, muli ng'ona, ndipo m'madzi oima a m'madambo muli nkhono zofalitsa likodzo. Mu mtsinje uli wonse, ngakhale Kafubu wa ku Ndola, madzi oyenda amaononga masamu anu: potsika amakunamizani kuti muli ndi liwiro, ndipo pobwerera amakulandani mphamvu.

Masamu omwewa akhoza kukuletsani kucita copusa. Mnzanu akati, “Tiyeni tisambire kukafika pa mwala uwo,” kumbukirani kuti maso amafupikitsa mtunda pa madzi, ndiponso kuti wopita ayenera kubwerera. Mwala wa pa mamita 80 ndi ulendo wa mamita 160. Ngati kabuku kanu kanena kuti simunapitirirepo mamita 100 osagwira khoma, yankho lapezeka kale, ndipo kukana si mantha ai, koma nzeru. Musasambire nokha, ndipo musadziyese mphamvu popanda munthu wamkulu wodziwa kupulumutsa womira.

Wosambira wabwino si amene amacititsa phokoso pa mamita oyamba, koma amene adziwa mtunda wace, nasunga liwiro lace, natuluka m'madzi ali ndi mphamvu zotsala.

Mafunso

1. Kodi avereji nciani? Fotokozani ndi citsanzo ca ulendo wanu wa ku sukulu.

2. Mnyamata wasambira maulendo 12 m'dziwe la mamita 25 m'mphindi 8 ndi masekondi 30. Pezani avereji yace pa mamita 100.

3. Mtsikana wasambira maulendo 6 m'dziwe la mamita 50 m'mphindi 9. Kodi iye ndi mnyamata wa m'funso laciwiri, ndani ali ndi avereji yabwino? Ncifukwa ninji sikoyenera kweni kweni kuyerekeza nthawi zao?

4. Wosambira wina walemba nthawi izi pa mamita 300: 2:20, 2:50, 3:20. Pezani avereji yace ndi kusiyana kwa zana loyamba ndi lomariza. Mungamlangize ciani?

5. Chulani zifukwa zitatu zimene munthu wodziwa kusambira m'dziwe lomangidwa angamirire m'dzenje la madzi kapena mu mtsinje.